Chitoliro cha ku Vlakfontein Chinakakulira ku Chileka

Pa nyumba ina ya ku Pretoria West, pamene ndinkachita lendi kachipinda ka kuseri, tinali ndi mwambo wathu wa Lamulungu masana. Tinalipo Amalawi asanu: wowotcherera zitsulo wa ku Mangochi, anyamata awiri osamalira maluwa m'mayadi a ku Waterkloof, mayi wina wosoka wa ku Ntcheu, ndi ine. Tikatha kudya nsima, kasipika kankaikidwa pa mpando ndipo foni inkayenda dzanja ndi dzanja. Lamulo linali limodzi: usaike nyimbo imene aliyense akuidziwa. Za Lucius Banda ndi za Black Missionaries tinkazimva kale pa maukwati ndi m'mabasi a kumudzi. Uike imene ukuganiza kuti watsala nayo ndiwe wekha, ndipo ikatha unene kumene unaimva koyamba ndi amene unali naye.

Mayi wosoka uja anabweretsapo kwaya ya pa mpingo wa kwawo, yojambulidwa pa kaseti yotha kale, nanena za mchemwali wake amene ankatsogolera nyimboyo. Wowotcherera anaika banjo ya Allan Namoko n'kufotokoza za golosale ya pa msika imene inali ndi wailesi yokhayo m'dera lonse. Tsiku langa litafika ndinaika nyimbo ya Donald Kachamba: chitoliro, gitala, babatoni ndi maseche.

Eni nyumba anali ndi bambo awo okalamba amene ankabwera kuchokera ku Mamelodi kudzacheza Lamulungu lililonse. Ankakhala pa mthunzi chakutali, ndipo kupatula moni sitinkalankhulana. Tsiku limenelo chitoliro chitangolira anadzuka, natenga ndodo yawo n'kudzaima pafupi ndi sipika.

"Ana a kuti awa? A ku Alexandra?"

"Ayi Ntate, ndi a kwathu. Ku Chileka, pafupi ndi Blantyre."

Anaseka. "Mwana wanga, nyimbo iyi ndi yathu. Ndinaivina iwe usanabadwe."

Ndinakula ndikudziwa kuti nyimbo za Kachamba ndi za Chimalawi ngati thobwa, choncho mawu awo anandipweteka pang'ono. Panatenga miyezi ndikuwerenga ndi kufunsafunsa kuti ndione kuti tonse awiri tinkanena zoona.

Nyimbo za mtundu umenewu zimatchedwa kwela, ndipo zinabadwira m'misewu ya m'makomboni a anthu akuda kuno ku South Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Chida chake chachikulu chinali chitoliro chachitsulo cha mabowo asanu ndi limodzi, chotchipa moti mnyamata wogulitsa nyuzipepala ankatha kuchigula. Anyamata amene ankamva magulu akuluakulu a jazi a ku America m'mafilimu, koma opanda ndalama ya lipenga, anayamba kutsanzira malipengawo pa kachitoliroka. Wina ankagwira gitala, wina ankamanga chingwe chimodzi pa bokosi la tiyi n'kupeza besi. Mu 1951 filimu ya The Magic Garden inaonetsa Willard Cele akuliza chitoliro m'misewu ya Alexandra, ndipo ana ambiri anachifuna.

Dzina lake silivuta kwa Mchewa. Khwela m'Chizulu ndi kukwera komwe kwathuku. Galimoto ya apolisi yonyamula anthu ogwidwa opanda pasi, kapena opezeka akutchova juga pa ngodya ya msewu, inkatchedwa kwela-kwela. Nyimbo yansangala chotere inatenga dzina la chinthu chimene oimba ake ankachithawa tsiku ndi tsiku.

Katswiri wamkulu wa chitolirochi anali mwana wa kuno ku Pretoria. Johannes Mashiyane, amene dziko linamudziwa kuti Spokes, anabadwa mu 1933 ku Vlakfontein, kum'mawa kwa mzindawu. Pa famu ya Vlakfontein imeneyi ndi pamene boma la tsankho linayamba kumanga komboni mu 1953, ndipo komboniyo ndiyo lero imatchedwa Mamelodi, kwawo kwa madala aja. Ali mwana Spokes ankaweta ng'ombe n'kumaliza chitoliro cha bango. Atakula anapita ku Johannesburg kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo mu 1954 anajambula nyimbo ya Ace Blues, imene inagulidwa kwambiri moti makampani onse a mbale za galamafoni anayamba kusakasaka anyamata a zitoliro m'misewu. Mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, ya gulu la Elias and His Zig-Zag Jive Flutes la ku Alexandra, inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Anyamata amene anaiimba analandira ndalama yochepa ya tsiku lojambula lokha. Phindu lenileni linadyedwa ndi ena.

Ulemerero wa kwela sunakhalitse. M'chaka chomwecho cha 1958 Spokes anayamba kujambula ndi sakisofoni, ndipo anzake anamutsatira. Kenaka panabwera magitala a magetsi ndi mbaqanga. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1960 chitoliro chinali chitabwerera kumene chinachokera, m'manja mwa ana, ndipo makampani sankachifunanso. Spokes anamwalira mu 1972, asanakwanitse zaka 40.

Koma nyimbo inali itanyamuka kale ulendo wa kumpoto, ndipo ena mwa amene anainyamula anali a kwathu. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, a ku Lirangwe, anapita ku Joni kawiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Analembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu a ntchito za m'migodi limene dzina lake latsalira pa depoti ya mabasi mu Blantyre. Ulendo unali wa pa ndege kuchokera ku Chileka mpaka ku Francistown, kenaka pa sitima mpaka ku migodi. Pobwerera munthu ankafuna kuti mudzi uone kuti sanapite pachabe: jekete, chipewa, bulangete, njinga, ndipo amene zamuyendera ankabwera ndi galamafoni yopukusa ndi mbale zake. Agogo anabwera nayo. Pamene ine ndinkazindikira, sipuling'i yake inali itaduka kalekale, mbale zonse zitasweka kupatula imodzi imene tinaimaliza ife adzukulu poiyesa chiwongolero cha galimoto. Chimene chinatsala ndi kanyimbo kamodzi kamene agogo ankakaimba ndi likhweru akamakonza njinga.

Banja la a Kachamba linakumana ndi kwela podzera njira ina, ya ku Halale. Inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, pamene anthu ambiri a ku Nyasaland ankagwira ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Bambo awo, James Kachamba, amenenso ankaliza gitala, anali kumeneko ndi banja lawo, ndipo mbale za ku Johannesburg zinkalira m'makomboni a mzindawo. Daniel, wobadwa mu 1947, ndi mng'ono wake Donald anaphunzira nyimbozi ndi makutu okha. Atabwerera kumudzi kwa Singano ku Chileka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anayamba kuimba m'misewu ndi m'malo omwera mowa a mu Blantyre, Daniel pa gitala, Donald pa chitoliro.

Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, anawapeza akuimba mu Blantyre. Anawajambula mawu ndi kanema, ndipo buku lake lonena za gulu lawo linatuluka m'Chingerezi mu 1974. Zimene analemba zinandithandiza kumvetsa chifukwa chake madala a ku Mamelodi anadzuka pa mpando. Oimba kwela sankaika chitoliro pa milomo monga amachitira ana a sukulu. Ankachilowetsa m'kamwa chopendeketsa, cholozera ku tsaya, kuti m'kamwa mukhale ngati chibekete chokuza mawu. Potero kachitsulo ka mawu opyapyala kankalira mokhuthala, ndipo woimba ankatha kupinda mawu ndi kuwatsetsereza monga amachitira a lipenga la jazi. Luso limeneli kuno linazilala pamodzi ndi msika wake. Donald analisunga, nalikulitsa, naliphunzitsa ana a m'mudzi mwake.

Sindikunena kuti a Kachamba anali osunga katundu wa eni. Anaimba m'Chichewa za ukwati, za mowa, za miseche ndi za imfa. Daniel ankachotsa nsambo imodzi pa gitala n'kutsala ndi zisanu, ndipo ankaikoka m'njira zakezake. M'kuliza kwake mumamveka rumba ya ku Congo, twist ya ku Kenya ndi magule a kwathu. Zimene zinachoka ku Transvaal zinali mbewu, ndipo zimene zinamera ku Chileka zinatengera dothi la ku Chileka. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anayenda maiko ambiri a mu Africa, Ulaya ndi America akuimba, anakaphunzitsa ku yunivesite ya California ku Los Angeles chakumapeto kwa 1999 ndi mu 2000, ndipo anamwalira mu January 2001. Kwa Singano ntchitoyi inapitirira m'manja mwa Moya Aliya Malamusi ndi achinyamata amene Donald anawaphunzitsa. Besi ya chingwe chimodzi ija nayo sinafe: babatoni ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi ya Madalitso Band ya ku Lilongwe yafika pa mabwalo a ku Ulaya m'zaka zaposachedwapa.

Zonsezi ndinazipeza m'mabuku ndi pa intaneti. Zimene sindikanazipeza kumeneko ndi zimene madala aja anatiuza Lamulungu lotsatira, atakhala nafe pa bwalo kwa nthawi yoyamba. Tinawafotokozera lamulo lathu, kuti amene wamva nyimbo n'kuizindikira anene kumene anaimva. Anati iwo sanabadwire ku Mamelodi. Anabadwira ku Lady Selborne, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, malo amene anakhazikitsidwa mu 1905 ndipo anali amodzi mwa ochepa kumene munthu wakuda ankaloledwa kugula puloti n'kukhala ndi chikalata chake. Lamulo la Group Areas la 1950 linatsegula njira yolanda malo otere. Lady Selborne inalengezedwa kuti ndi ya azungu, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anthu ake anasamutsidwira ku Mamelodi, Atteridgeville ndi Ga-Rankuwa, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Pamalopo pali Suiderberg tsopano.

Kwa iwo kwela inali khonde la nyumba ya bambo awo ku Lady Selborne, Loweruka madzulo, achimwene awo akuliza chitoliro ndipo atsikana a mu msewu wonse akuvina pa fumbi. Anati tsiku la lole, pamene ankakweza katundu, chitolirocho chinasowa, ndipo achimwenewo sanagulenso china. Anatinso pa msewu wawo panali telala wa ku Nyasaland amene anakwatira mkazi wa komweko. Ankasoka masuti a ukwati a dera lonse, ndipo atasamutsidwa sanamuonenso. Oterowo kwathu tinkawatcha matchona. Kumudzi ankawerengedwa ngati otayika, pamene kuno anali anansi a anthu, osoka masuti awo.

Kwa ine chitoliro chomwecho chinali m'mawa wa ku Lirangwe, wailesi ya MBC ikulira pa zenera, mabatire ataumikidwa pa dzuwa dzulo lake kuti afikeko Loweruka, agogo aakazi akupeta mphale. Nyimbo inali imodzi, koma iwo inkawakumbutsa nyumba yogwetsedwa, ine inkandikumbutsa nyumba imene ndinaisiya ndekha pofuna ndalama. Pa mbale sipalembedwa zimenezi. Pamalembedwa dzina la nyimbo, la woimba ndi nambala ya kampani. Amene anavina, kumene anavinira ndi chimene chinawachitikira pambuyo pake zimasungidwa ndi omvera, ndipo zimatuluka pokhapokha wina akaika nyimboyo pamaso pa mnzake n'kufunsa.

Njira imene agogo anadzera inatsekedwa kawiri. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kuno. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, koma anthu anali ochepa, ndipo inatheratu kuyambira 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anthu a ku Malawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Ife a lero timabwera patokha, pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, opanda kontalakiti, ndipo ambiri mapepala athu amakhala osakwanira.

Pa 24 February 2017 mu Pretoria munali chionetsero chotsutsa anthu obwera, ndipo apolisi anabalalitsa makamu ndi utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo za labala. Tsiku limenelo tonse asanu sitinapite ku ntchito. Tinadzitsekera m'zipinda, mafoni ali m'manja. Sindikufuna kunamiza owerenga kuti nyimbo ingathetse zotere. Anthu osowa ntchito ndi nyumba sangakhute chitoliro. Ndikungonena kuti amene amati Mmalawi ndi mlendo wa dzulo mu mzinda uno sadziwa za telala wa ku Lady Selborne, ndipo ifenso amene timati tinangobwera kudzasaka marandi sitidziwa kuti zina zimene timazitcha zathu zenizeni anabwera nazo agogo athu kuchokera konkuno, mu sutikesi. Umbuli uli mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndinali nawo mpaka tsiku limene madala anadzuka pa mpando.

Panatsala kanyimbo ka agogo kaja. Ndinali nditakafufuza kwa zaka. Ndinamvetsera nyimbo za Spokes zonse zimene ndinazipeza, za Lemmy Mabaso, za a Lerole. Ndinamvetseranso zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland mu 1950 ndi 1958. Mkuluyu anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa, International Library of African Music, mu 1954 ku Roodepoort, ulendo wa ola limodzi kuchokera pamene tinkakhala. Mu 1978 nkhokweyo inasamukira ku yunivesite ya Rhodes, mu mzinda umene lero ndi Makhanda. Muli bangwe, mangolongondo, malipenga, nyimbo za pamtondo, mawu a anthu a kwathu amene adzukulu awo ambiri sadziwa n'komwe kuti agogo awo anajambulidwa. Kanyimbo kanga munalibe.

Choncho Lamulungu lina, foni itafika kwa ine, ndinaiika pansi. Ndinati lero nyimbo yanga ilibe mbale, ndipo ndinaiimba ndi likhweru, ndili ndi manyazi ngati mwana wa Sitandade 1. Madala anatseka maso. Anati ndibwereze. Ndinabwereza katatu.

"Kayendedwe kake ndi ka kwela," anatero. "Koma iyi sindinaimvepo."

Ndinakhumudwa, ndipo anaona. Anati pa anyamata khumi amene ankaliza zitoliro pa siteshoni ndi pa mabwalo a mabasi, mwina mmodzi yekha ndi amene analowapo mu situdiyo. Ena onse nyimbo zawo zinkathera mu mphepo, kupatula ngati wodutsa wina wazitola ndi khutu. Mwina agogo anaitola pa siteshoni tsiku lopuma. Mwina anaipeka okha mu komponi, posakaniza zimene ankamva ndi zimene anasiya kumudzi.

Usiku umenewo ndinajambula likhweru langa pa foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa mlongo wanga, kuti akawamvetsere mayi ku Lirangwe. Sindinkayembekeza zambiri, mayi si munthu wa nyimbo za kunja kwa tchalitchi. Patapita masiku awiri kunabwera uthenga wa mawu. Mayi sanayambe ndi moni.

"Iwe, waiphonya. Kumapetoko sitsika, imakwera."

Kenaka anaiimba, osati ndi likhweru koma ndi mawu a pakhosi, ndipo kumapeto inakweradi, malo amene ine ndinakhala ndikuwatsitsa zaka makumi atatu. Atamaliza anati nyimboyo si ya njinga ayi. Anati ulendo wachiwiri bambo awo anakhalitsa ku Joni osalemba kalata, moti anthu anayamba kunena kuti atchona, ndipo achibale ena ankauza agogo aakazi kuti aganize zina. Tsiku lina madzulo, iwo ali kamtsikana, akuchokera kotunga madzi, anamva likhweru limeneli kuchokera ku njira ya ku siteshoni munthu asanaoneke. Agogo aakazi anasiya mtondo. Kuyambira pamenepo, akamabwera kuchokera kulikonse, ngakhale ku msika, ankayamba kuliimba akafika pa mtengo wa mango wa kumalire kwa munda, kuti a pakhomo adziwe kuti akubwera.

Ndinakhala nawo zaka zonse za ubwana wanga mayi amenewa, ndipo nkhaniyi sanandiuzepo. Sindinawafunsepo.

Lamulungu lotsatira nyimbo yanga inali uthenga wa mayi. Ndinawamasulira madala mawu ake m'Chingerezi chosakaniza ndi Chisotho changa chothyokathyoka. Anapempha kuti ndiubwereze pamene mayi akuimba, ndipo ulendo wachiwiri anatsatira ndi likhweru lawo lotha mpweya, nakwera kumapeto pamodzi ndi mayi. Kenaka anauza mdzukulu wawo kuti awasungire uthengawo mu foni yawo, ndipo mnyamatayo anafunsa kuti alembe dzina lanji. Ndinamuuza kuti alembe Lirangwe, ndipo ndinamutchulira chilembo chimodzichimodzi.